Tcheni Chimene Ndinakana ku Brackenfell

Pa famu ya mahatchi ku Noordhoek, pamene ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, panali galimoto imene mpaka lero ndimachita manyazi kuitcha galimoto. Inali ndi matayala asanu ndi limodzi, atatu uku atatu uko, afupiafupi, onenepa ngati maungu. Chiwongolero inalibe. Unkagwira ndodo ziwiri zachitsulo, ukakoka ya kumanja inkakhotera kumanja, ukakoka ya kumanzere inkakhotera kumanzere. Thupi lake linali lozama ngati bafa losambiramo, ndiye tinkangoti chibafa. Anachigula ndi malemu amuna awo a adona, eni famuyo, chifukwa mvula ya kuno imagwa m'nyengo yozizira, ndipo kumunsi kwa famu, kufupi ndi bango, kumasanduka dambo loti galimoto wamba imatitimira mpaka m'mimba. Chibafa chokha n'chimene chinkafikako ndi udzu wa mahatchi, n'kubwerako ndi ndowe.

Woyendetsa chibafa anali madala a ku Mzimba, amene anayamba kusamala mahatchiwo ine ndisanaganizeko n'komwe zowoloka malire. Ankagona m'kachipinda kogundana ndi khola. Ine ndinali wa m'munda: kutchetcha kapinga, kudulira mitengo, kukonza mpanda. Ndinkabwera m'mawa kuchokera ku Masiphumelele. Sukulu yanga yeniyeni inali msika wa Limbe, kumene ndinagulitsa zipangizo za njinga kuyambira ndevu zisanamere. Munthu akabwera kudzagula chubu, ndinkagwira tayala lake, n'kupukusa mutu ngati dokotala amene waona zoopsa. "Achimwene, tayala ili lidya chubu chatsopanochi sabata isanathe. Tengani zonse ziwiri." Nthawi zina zinali zoona. Nthawi zambiri ndinkangofuna kuti madzulo ndidyere nyama.

Panali chinthu chimene tinkachidziwa anthu awiri okha pa famupo. Miyendo ya madala inali itatha. Shuga anali atawadya mapazi moti pansi sankapamva bwinobwino, ndipo bondo lamanzere linkatupa ngati papaya. Koma munthu uja anali atakonza tsiku lake lonse mwaluso. Chibafa ankachiimika pakhomo penipeni pa chipinda chawo, mapazi atatu basi. M'khola ankayenda atatsamira khoma kapena foloko ya udzu. Mahatchi sankawathamangitsa, ankangoliza likhweru, okha n'kubwera. Adona akatuluka m'nyumba, ankapeza madala atakhala pa chibafa kapena ataima chilili, dzanja pa khosi la hatchi. Akuyenda sanawaonepo kwa chaka chathunthu. Ntchito zofuna miyendo ndinkazigwira ine, adona akapita ku tauni.

Adona sanali munthu woipa. Koma mahatchi ambiri anali a anthu ena amene ankawasungitsa pamenepo, ndipo hatchi ikadzidzimuka pamafunika munthu wotha kudumpha. Akanadziwa, madala ntchito ikanatha. Mwana wawo womaliza, wamkazi, anali pa sukulu ya zauphunzitsi kumudzi, ndipo amamaliza mu Disembala.

"Ndikangofika Disembala, mphwanga," ankatero, "mwana atenge pepala lake. Kenako ndidzapita ndekha, popanda wondiuza."

Munali mu Juni pamene chibafa chinayamba kulira khotcho, khotcho, pansi pa mpando. Tsiku lachitatu mbali ya kumanzere inasiya kukoka, chinthu chija n'kumangozungulira pamodzimodzi pabwalo ngati nkhuku yachitopa. Adona anaitana makaniko. Makanikoyo anasuzumira, napukuta m'manja, nati chitsulo chofunikacho n'chochokera kunja kwa dziko, chitenga miyezi, ndipo mtengo wake anaunong'ona. Atachoka, adona anabwera kukhola.

"Chakalamba ichi," anatero m'Chingerezi. "Ndigula mawilibala awiri atsopano. Muli amuna awiri, mukwanitsa."

"Chabwino, madamu," anayankha madala. Maso awo anali kumunsi kuja, ku bango.

Pakamwa panga panatseguka pokha. "Madamu, ndipatseni masiku awiri. Zinthu za matcheni ndinabadwira momwemo."

Anandiyang'ana, nayang'ana lumo lodulira maluwa limene linali m'manja mwanga. Kenako anati ndiyese.

Tinatukula thabwa la pansi pa chibafa. M'katimo munali matcheni akuluakulu, akuda bii ndi girisi wosakanikirana ndi mchenga. Mchenga wa ku Noordhoek umalowa paliponse, ngakhale m'buledi. Tcheni chimene chinkatenga mphamvu ku injini kupita ku matayala a kumanzere chinkazungulira pa sipuloketi, gudumu lachitsulo la mano, ngati la kumbuyo kwa njinga koma lalikulu ngati sosala. Mano ake anali atapyapyala n'kupindika ngati zikhadabo za kabawi, ndipo atatu anali atathyokeratu.

"Tikanangoitembenuza," ndinatero. "Kwathu timatero. Mbali inayo imakhala isanadyeke."

Madala anali atakhala pa ndowa yovundikira, mwendo wotupawo atautambasula. "Mutembenuza chibwano cha nkhalamba kuti mano amere? Inu a ku Limbe, maliro a njinga simunawaonepo. Imafa kasanu, inu mukugulitsabe."

"Nanga inu a ku Mzimba? Ng'ombe ikathyoka mwendo mumaiwerengera nyuzipepala."

"Masula chitsulocho, iwe, usandisokose."

Ndinamasula chokungira tcheni, ndinapeza loko yake, n'kuitomola ndi sikuludiraiva. Tcheni chinagwera pansi ngati njoka yakufa. Sipuloketi ndiye inakana. Kabawuti kakang'ono koigwira ku shafuti, chitsulo chimene sipuloketi imakhalapo, kanali katachita dzimbiri. Tinakathira parafini, tinadikira, tinathiranso. Madala anati ndisamenye chitsulo ndi chitsulo, ndiike kachipika ka mtengo pakati. Ndinamenya pang'onopang'ono mozungulira, mpaka inasuntha, n'kutuluka. Ndinaika zonse ziwiri, sipuloketi ndi tcheni, m'thumba la chakudya cha mahatchi.

Mnyamata wina wa ku tchalitchi kwathu, amene ankagwira ntchito m'fakitale ku Brackenfell, anandilozera shopu ya kumeneko yogulitsa matcheni ndi mabering'i a makina a m'mafamu. Adona anandipatsa envelopu, nati ndigule chilichonse chofunika. Ndikufuna zimenezi zimveke bwino. Ndalama zinalipo zokwanira. Sindinganamizire umphawi.

Ndinakwera takisi, kenako sitima, kenako sitima ina. Pa kauntala ndinapeza mkulu wina wolankhula Chiafirikansi, wa imvi, magalasi ali pamphumi. Anayeza sipuloketi yakale ndi kachipangizo kake, nalowa m'kati, natuluka ndi yatsopano yonyezimira. Anati bowo lake ndi laling'ono, koma alikuza pa makina kuti ligwirizane ndi shafuti yathu, ola limodzi basi. Kenako anakhuthula thumba langa, nayala tcheni chakalecho pa kauntala, pambali pake n'kuyala chatsopano.

"Taona, Malawi," anatero. Anandidziwa ndi kalankhulidwe. "Chako chatalika. Ona apa zayambira pamodzi, ona apa zasiyana." Anachinyamula n'kuchipinda cham'mbali, ndipo chinakhota ngati nthochi. "Chatha ichi. Tcheni ndi sipuloketi zimakalamba limodzi. Ukaika tcheni ichi pa mano atsopano, sichikhala pansi, chizikwera pamwamba pa mano. Chiwadya, kapena chiduka. Tenga zonse ziwiri."

Anapukusa mutu. Anaupukusa ndendende mmene ndinkaupukusira ine ku Limbe.

Mumtima ndinamuombera m'manja. Ndinati, eee, mkulu uyu ndi katswiri, ngakhale kupinda tcheni kuja sindinakuganizepo. Ndinamwetulira ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake m'dziko lachilendo.

"Oom," ndinatero, poti akuluakulu a kumeneko timawatchula choncho, "ine ndi inu ntchito yathu ndi imodzi. Ng'anga siombeza ng'anga inzake. Ndipatseni sipuloketi yokha, ndipo mtengo uwu muutsitse."

"Mtengo uli pa kompyuta."

"Kompyuta ilibe ana, oom. Ine ndili nawo atatu."

"Inenso ndili nawo. Tcheni utenga?"

Ndinanyamula thumba langa n'kuyamba kutuluka. Ku Limbe, wogula akatembenuka, usanawerenge mapazi ake atatu umakhala utamuitana kale. Ndinayenda mapazi atatu. Ndinayenda khumi. Ndinafika pa geti, ndinatuluka, ndinaima m'mbali mwa msewu malole akundipemerera madzi. Palibe anandiitana. Ndinaima pamenepo mpaka kolala inanyowa, kenako ndinabwerera ngati ndaiwala chipewa. Mkulu uja anali akudya sangweji.

Kaya kunali kundimvera chisoni, kaya kutopa nane, anachotsako pang'ono, nandiwonjezera kachitsulo katsopano kolowa mu mpata wa shafuti, kamene amati kiyi. Ndinamva ngati ndagonjetsa Brackenfell yense. Pondipatsa katunduyo anandigwira pa mkono.

"Amene amayendetsa makinawa ndi iwe?"

"Ayi. Ndi bambo wina wachikulire."

"Umuuze asapite nawo kutali."

Ndinaseka, ndinati ngakhale mawu otsanzikira ali nawo okonzeratu. M'sitima ndinakhala ngati mfumu. Madzulo ndinabweza kwa adona envelopu isanaphwe n'komwe, iwo n'kunena kuti sanaonepo munthu wokhulupirika chotere. Mawu amenewo ndinawanyamula mpaka ku Masiphumelele, ndinawauzanso anzanga ogona nawo nyumba imodzi, kawiri.

M'mawa mwake tinayamba kumanga. Ndinapala shafuti ndi sandipepa mpaka inayera. Ndinaika kiyi mu mpata wake, ndinapaka girisi pang'ono, sipuloketi yatsopano n'kulowa mwaulemu ngati mlendo wodziwa khomo. Madala anandipatsa chingwe kuti ndikunge kuchokera ku sipuloketi ina, ya kumapeto ena a tcheni, tione ngati ziwirizo zayang'anizana bwino. Tinasuntha pang'ono, tinayezanso, ndinamanga kabawuti. Tcheni ndinachitsuka m'parafini ndi burashi mpaka chinawala. Chikanakhala pa benchi langa ku Limbe, ndikanachigulitsa ngati chatsopano.

Pochikoloweka m'pamene ndinaona. Pa mano oyamba chinakhala bwino. Pofika pa mano omalizira chinali chitayamba kukwera, chikugunda nsonga m'malo mokhala m'mphako. Ndinachigwira ndi zala n'kuchikoka, ndipo chinatukuka moti kuwala kunaoneka pansi pake. Zinali mmene mkulu wa ku Brackenfell ananenera, osaphonya ngakhale pang'ono.

Sitima inali ikuyendabe tsiku limenelo. Shopu inali yotsegula. Chimene chinkafunika n'kungopita kwa adona, n'kunena kuti madamu, munthu wokhulupirika uja dzulo anapusa, ndibwezereni envelopu. Ndinakoka chokungira mpaka pamapeto pake penipeni, ndinamanga, ndinathira oilo wambiri.

"Zili bwanji m'menemo?" anafunsa madala. Pamene anakhala sankatha kuona.

"Zizolowerana, madala. Ukwati watsopano umayamba ndi phokoso."

Analiza injini. Chibafa chinayenda molunjika, chinakhota uku, chinakhota uko. Anazungulira bwalo kawiri, adona ataima pakhonde akuomba m'manja. Atafika pamene ndinaima anazimitsa, nandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Yewo, mphwanga," anathokoza m'chinenero chakwawo. Pansi pa mpando panali kaphokoso kakang'ono, tche, tche, tche, ndipo tsiku lililonse ndinkadziuza kuti kakuchepa.

Patapita masabata atatu kunagwa mvula ya masiku anayi osakata. Tsiku lachinayi m'mawa adona anandituma ku Fish Hoek kukagula mapaipi a ngalande, poti madzi anali atayamba kulowa m'khola. Madala anakwera chibafa kupita kumunsi, kukatsegulira hatchi ina yaikazi yokalamba imene msipu wake unali ukumira. Anaitsegulira, inathamangira kumtunda yokha. Pobwerera, m'matope ozama, injini ikukoka ndi mphamvu zake zonse, tcheni chinakwera pa mano n'kuduka. Foni anali ataisiya m'chipinda kuopa kunyowa. Anadikira kwa kanthawi, akuganiza kuti ndibwera. Madzi anafika m'matayala. Anatsika.

Mtunda wake, munthu wa miyendo yabwino amayenda mphindi zisanu. Adona anandiuza pambuyo pake kuti anawaona pa windo la kukhitchini, poyamba n'kuganiza kuti akukonza mpanda, chifukwa ankagwira nsanamira iliyonse n'kuima. Kenako anawaona akugwa. Anadzuka, anagwanso. Pamene mpanda unathera panalibenso chogwira, ndipo anayamba kukwawa.

Nditafika ndi mapaipi anga, bwalo linali zii. Ndinawapeza kukhitchini kwa adona, m'mene madala pa zaka zawo zonse anali asanakhalemo pansi. Anali pa mpando atafunda bulangete, matope mpaka m'makutu. Adona anali atagwada pa simenti ndi beseni la madzi ofunda. Jombo imodzi inali itatsala m'dambo, ndipo waya anali atang'amba phazi kuchokera ku chidendene mpaka pakati. Madzi a m'beseni anali ofiira. Adona anakanikiza pafupi ndi bala, n'kuyang'ana nkhope ya madala. Nkhope sinasinthe.

"Simukumva?" anafunsa.

Madala anayang'ana kudenga. "Ayi, madamu."

"Kuyambira liti?"

Adona anatembenukira kwa ine, ndipo ine ndinayang'ana mapaipi amene ndinali nditawagwirabe m'manja ngati munthu wopusa.

Adona anawatengera okha kuchipatala. Bala la munthu wa shuga limachedwa, linatenga mwezi ndi theka kuti litseke, ndipo nthawi yonseyo adona anawasunga m'chipinda chawo chomwecho, osawachotsera kalikonse pa malipiro. Koma litatseka anawaitana pakhonde. Adona analankhula nthawi yaitali, akulira. Anati sangagone tulo podziwa kuti pakati pa mahatchi pali munthu amene sangathe kuthawa. Anawapatsa zonse zowayenera, anawagulira tikiti ya basi. Munali mu Seputembala. Ntchito ya kukhola anaipereka kwa ine.

Tsiku lonyamuka, adona anati awaperekeza pa galimoto mpaka kokwerera basi. Madala anavomera, koma anati galimotoyo ikawadikire kunja kwa geti. Kuchokera kukhola kufika pa geti anafuna kuyenda okha. Ndinawatengera chikwama. Anali ndi ndodo ya kuchipatala, ndipo ankayenda poyera tsopano, mwendo umodzi akuukoka, pakati penipeni pa msewu wa miyala, adona akuona, wantchito wa m'nyumba akuona. Ndinkayenda m'mbuyo mwawo. Kuwapitirira sindikanatha.

Titafika pa mtengo wa pakati pa njira anaima kuti apume. Ndinaika chikwama pansi.

"Madala, pali mawu."

"Nena."

"Mkulu wa m'shopu uja anandiuza kuti tcheni chatha. Anandionetsa ndi maso. Ndalama ndinali nazo m'thumba. Ndinaganiza kuti akundichenjerera, poti n'zimene ndikanachita ine. Pomanga ndinaonanso ndekha kuti sichikukhala, koma ndinachita manyazi kubwerera kwa adona."

Anayang'ana mahatchi amene anali atabwera kumpanda.

"Ukuganiza kuti makutu nawonso anafa?" anatero. "Ndayendetsa chinthu chija zaka khumi ndi ziwiri. Ndinamva tsiku loyamba lomwe."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena, ukanachitsegulanso. Adona akanati chawatopetsa, abweretse mawilibala awo. Ndinati chikulira, koma chikuyenda, mwina chindifikitsa." Anasuntha ndodo. "Nanenso ndimanenerera mtengo, mphwanga. Kungoti amene ndimanenerera naye satsitsa."

Mtima unayamba kupepuka, ndipo ndikuganiza kuti anaona pankhope panga, chifukwa anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Koma ukanagula," anatero. "Ukanangogula, iwe."

"Inde, madala."

"Mwanayo amaliza. Akulu ake agulitsa ng'ombe ziwiri, ndalankhula nawo kale. Ndi ng'ombe zimene ndinati ndizikaziona m'khola ndikakalamba, koma amaliza." Analoza ndi ndodo hatchi ina yofiirira. "Iyo usamaidzere kumanzere, diso la uko silikuona bwino. Adona sakudziwa. Uwauze mawa, usadikire."

Ndinanyamula chikwama. Anayambanso kuyenda mpaka tinafika pa geti. Geti anatsegula okha. Anavutika nacho chitsulo chotsekera, ndinatambasula dzanja kuti ndithandize, iwo n'kulikankha ndi chigongono. Chitatseguka anatuluka, nakwera galimoto mwendo umodzi umodzi, ine n'kutseka chitseko. Ndinaima pamenepo mpaka galimoto inakhota. Kenako ndinabwerera kukhola, poti nthawi yodyetsa inali itapitirira kale ndipo mahatchi anali atayamba kumenya zitseko.